Mkaka ulipo, chikusowa ndi omuthandiza mayiyo

Ine ndikanakhala ndi mphamvu pali funso limodzi lomwe ndikanaliletsa m'nyumba iliyonse mmene muli khanda la masiku ochepa, funso loti "koma mwanayu akukhuta?" Ndikudziwa kuti ofunsawo safuna zoipa, amakhala agogo, apongozi, azakhali, aneba, pena bambo a mwana eni akewo, onse chikondi chokhachokha, koma mayi amene wangochira kumene, sanagone, thupi likuphwanya, pokhalira pakuwawa, akalimva funso limeneli kangapo patsiku amayamba kulikayikira bere lake, ndipo mayi akangoyamba kukayikira bere botolo silichedwa kulowa m'nyumba. Likalowa botolo mwana amayamwa mochepa, akamayamwa mochepa mkaka umachepadi, kenako aja ankafunsa aja amati mwaonatu, tinkanena ife. Chonsecho vutolo analiyambitsa ndi iwo omwe.

Azimayi amene ndacheza nawo oti anasiya kuyamwitsa msanga sindinamvepo olo mmodzi akunena kuti sindinkafuna. Amati mkaka unali wochepa, kapena zinkapweteka kwambiri, kapena ntchito inandipanikiza. Ukaziona bwino zifukwa zimenezi palibe chomwe mayi angathane nacho yekha, zonse zimafuna munthu wina pambali pake. Nde zimandidabwitsa kuti uthenga wonse timauponya kwa mayi, yamwitsa, yamwitsa, zithunzi zomata m'makoma a chipatala zonse zikuloza iyeyo, ngati kuti sakudziwa kuti bere ndi labwino. Akudziwa. Ofunika kuphunzira ndife omuzungulirafe.

Zambiri zimawonongekera m'masiku oyambirira enieniwo. Mwana akabadwa kamimba kake kamakhala kakang'ono zedi, tsiku loyamba kamalandira mamililita 5 mpaka 7 pa kuyamwa kumodzi, kungoti supuni yaing'ono imodzi n'kakang'ono pamwamba. Bere nalo limatulutsa zochepa zomwezo, mkaka woyamba uja wachikasu, wokhuthala, womata m'zala, wobwera madontho madontho. Anthu akaona timadonthoto amagwira mutu, ati mkaka sunabwere mwana afa ndi njala, ena mpaka kumati ndi woipa aufinyire pansi. Abale, umenewo nde wofunika kuposa wina uliwonse ubwere pambuyo. Muli chitetezo chochokera m'thupi la mayi chomwe chimakamata m'matumbo mwa mwana kuti tizilombo tisapeze polowera, komanso umathandiza kuti chimbudzi choyamba chakuda chija chituluke msanga, zomwe zimachepetsa chikasu chimene makanda ambiri amakhala nacho. Nchifukwa chake a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi loona za ana la UNICEF amati mwana aikidwe pabere ola limodzi lisanathe chibadwire, ali pachifuwa pa mayi ake khungu likukhudzana ndi khungu, osati atakulungidwa munsalu zambirimbiri ali pabedi lina uko. Olo mayi amene wachira pa opareshoni, akangotsitsimuka atha kuyamwitsa bwinobwino bola pakhale wina womugwirira mwanayo kuti asatsamire pabala.

Mkaka wambiri woyera uja umabwera pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi, kwa ena umachedwerapo maka ngati kubereka kunali kovuta. Usiku wachiwiri ndi umene umagwetsa anthu mphwayi. Mwana amene tsiku loyamba anangogona tulo tofa nato amadzuka n'kumafuna bere nthawi iliyonse, ukamuchotsa kulira, ukamuika kuyamwa pang'ono n'kugona, ukamugoneka kuliranso, mpaka mbandakucha. Apa mpamene wina amatulukira ndi nzeru yoti mugulireni wa m'chitini. Koma sikuti bere lauma ayi, mwanayo akuitana mkaka ndipo palibe njira ina yowuitanira kupatula kuyamwa komweko.

Mmene zimayendera m'thupi ndi chonchi. Mwana akamayamwa uthenga umapita ku ubongo wa mayi ndipo thupi limatulutsa mahomoni awiri, prolactin amene amapangitsa kuti mkaka upangidwe, ndi oxytocin amene amaufinya kuti utsike. Prolactin amachuluka usiku, nde kuyamwitsa kwa usiku kotopetsa kuja nkumene kumasunga mkaka kuti usachepe. Bere likakhala lodzaza nthawi yaitali limachepetsa kupanga, likamakhuthulidwa pafupipafupi limawonjezera, nde zoti "sunga kaye mkaka udzaze" ndi zobwerera m'mbuyo. Kukula kwa bere kulibenso nazo ntchito, bere lalikulu ndi mafuta ambiri basi. Koma oxytocin yu safuna chipwirikiti, mantha, ululu, manyazi ndi nkhawa zimamuletsa kwa kanthawi. Tangoganizani mtsikana woyamba kubereka wakhala pakati pa chigulu cha anthu onse akumuyang'ana pachifuwa, uyu akuti gwira chonchi, uyo akuti ayi chonchi, wina akuseka kuti timabere timeneti mutuluka chani. Mkaka ulimo koma sutsika. Pena thandizo lalikulu lomwe mungapereke ndi kungotulutsa anthu kuchipindako n'kutseka chitseko. Oxytocin yemweyo ndi amene amakoka chiberekero kuti chibwerere m'malo, nchifukwa chake m'mimba mumapota poyamwitsa masiku oyamba, sikuti china chalakwika, zimathandiza kuti magazi asatayike ambiri.

Ngati mukufunadi kudziwa kuti mwana akukhuta, yang'anani matewera, musafunse mayi. Kuyambira tsiku lachisanu mwana wopeza mkaka wokwanira amanyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa maola 24, mkodzo wake wosada, ndipo chimbudzi chimakhala chasintha kuchoka pa chakuda kufika pa chachikasu. Amayamwa ka 8 mpaka ka 12 usana ndi usiku, pena kuposa. Kusikelo amatsika kaye masiku oyamba, pafupifupi mwana aliyense amatero, ndipo pofika masabata awiri amakhala wabwerera pomwe anabadwira. Kulira pakokha si umboni wa njala, khanda limalira kutentha, kuzizira, thewera, mpweya m'mimba, kufuna kunyamulidwa, pena kulira basi. Koma mwana akamangogona osadzuka kuti ayamwe, wafooka, matewera ali gwa kuuma, chikasu chafika m'manja ndi kumapazi, thupi latentha kapena lazizira, akupuma mothamanga, apo musayambe kufunsa pagulu la WhatsApp, nyamukani wa kuchipatala.

Nkhani ya kupweteka nayo timainamiza kwambiri. Timauzana kuti kuyamwitsa kumawawa basi pirira, nkhumbu zidzakhwima zokha, tonse tinadutsamo. Kumva kukoka kapena kuwawa pang'ono poyambirira masiku oyamba zimachitika, koma nkhumbu kung'ambika, kutuluka magazi, mayi kumaluma mano mwana akangoyandikira, chimenecho nthawi zambiri ndi chizindikiro choti mwana sanagwire bwino bere, ndipo ndi zokonzeka.

Mng'ono wanga atachira mwana wake woyamba ndinamupeza akulira limodzi ndi mwanayo. Anali atawerama, msana wopindika, akulondola mwana ndi bere, mwana ali chagada pamiyendo khosi atalipotoza, atangoluma kansonga kokha timilomo titasongoka, masaya akulowa mkati. Nesi wina wachikulire atafika sanayankhule zambiri. Anamukhazika motsamira pilo kumsana, anatembenuza mwana kuti mimba yake ikhudze mimba ya mayi, khutu, phewa ndi chiuno zikhale pamzere umodzi, mphuno ya mwana n'kuiyang'anitsa ku nkhumbu, mphuno osati kamwa. Anati usamukankhire, ingomukhudza mlomo wam'mwamba ndi nkhumbuyo udikire. Mwana anafunafuna, kenako anatsegula kukamwa kwambiri mokhala ngati akuyasamula, pomwepo nesi anamukokera kubere mwachangu chibwano n'kuyamba kukhudza. Mlomo wam'munsi unapindikira kunja, mbali yakuda ya bere ija yambiri inalowa mkamwa, yotsala ikuoneka kwambiri pamwamba kusiyana ndi pansi. Masaya anatukumuka, kukoka kunasintha kukhala kozama kwa pang'onopang'ono, kukoka, kukoka, kupumira, n'kumamveka kumeza. Mng'ono wanga anangondiyang'ana n'kuti "Asisi, sizikuwawa." Nesi uja anamuuza kuti mwana ndiye azibwera kubere, bere lisamapite kwa mwana, ndipo ukaona kuti wagwira molakwika usamuzule, lowetsa kachala kakang'ono pakona ya kamwa yake asiye yekha muyambirenso. Zonsezi sizinatenge nthawi yoti tiyi n'kuzizira, koma pakanapanda munthu wodziwa pafupi ndikukhulupirira akanasiya sabata yomweyo, ndipo tonse tikanati anali ndi mabere ovuta.

Tsono abambo. Ndimamva ena akuti ine ndingatani poti bere ndilibe. Zochita zilipo zambiri mwina kuposa za mayiyo. Mwana akalira usiku dzukani ndinu mumutenge, musinthe thewera, mumupereke, akamaliza mumuike paphewa ageye mayi abwerere kutulo. Ikani madzi akumwa pafupi chifukwa mkaka ukamatsika ludzu limabwera mwadzidzidzi ndipo munthu sangadzuke mwana ali pabere. Phikani, chapani, samalani ana enawo. Koma ntchito yaikulu ya bambo ndi kuima pakati pa mkazi wake ndi anthu obwera ndi malangizo, maka akuchimuna. Mkazi amene wangochira sangayambe kutsutsana ndi apongozi ake, alibe mphamvu zake komanso akuopa kuoneka wamwano, nde amangovomera zoti mwana amwetsedwe madzi mtima ukukana. Inu ndi amene mungati "Amayi, kuchipatala anati bere lokha mpaka miyezi 6, tiyeni titsatire zimenezo," ndipo kwa inu amva popanda kusunga mangawa. Mukakhala chete mukuyang'ana pafoni mwamusiya yekha.

Agogo sindikuwanyoza ayi. Analera ana ambiri, ena m'nyengo zovuta kuposa zathu, ndipo zina zomwe amanena anauzidwa ndi achipatala omwe a nthawi yawo, malangizowa amasintha. Chomwe chimalakwika n'choti timawasiya kunja, mayi amapita yekha kusikelo, amamva yekha, kenako abwere adzaphunzitse anthu oti anamubereka. Tengani agogowo apite nawo akamve okha kuchokera kwa nesi. Agogo akangomvetsa amasanduka msilikali wa bere woopsa, palibe mlendo angalowetse botolo pamaso pawo. Alendo nanunso, kubwera kudzaona mwana si kudzamulanda m'manja mwa mayi ake n'kumajambulitsa pamene mayiyo akukutumikirani. Bwerani ndi chakudya chophika kale, tsukani mbale zomwe mwazipeza, khalani pang'ono, pitani.

Za madzi ndibwereze chifukwa ndi pamene anthu abwinobwino amagwera. Mkaka wa m'mawere pafupifupi magawo 87 pa 100 aliwonse ndi madzi, kotero olo kutenthe bwanji mwana wosakwana miyezi 6 safuna madzi ena, akufuna bere pafupipafupi. Madzi amadzaza kamimba kaja popanda chakudya chilichonse, ndipo ngati si aukhondo amabweretsa kutsegula m'mimba komwe kumapha makanda mwachangu. Kuyamwitsa mwakathithi kumatanthauza bere lokha, popanda madzi, tiyi, phala kapena mankhwala ongopatsana pakhomo, kupatula mankhwala amene achipatala alemba. Uchi nde ayi ndithu mpaka atakwanitsa chaka, umatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa ofoola thupi la khanda. Ikakwana miyezi 6 ayambe zakudya zina koma bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kuposa. Mwana akadwala, olo atsegule m'mimba, bere lisaime, nthawi imeneyo mpamene akulifuna kwambiri. Mayi nayenso safunika zakudya zodabwitsa kuti mkaka ubwere, adye mokwanira zamagulu osiyanasiyana, amwe akamva ludzu. Timudyetse bwino chifukwa thupi lake likugwira ntchito yaikulu, osati kumuopseza kuti ukapanda kudya chakutichakuti mkaka ukhala wamadzimadzi.

Mwina wina aziti mukukokomeza, ana ambiri akulira botolo ndipo ali bwino. Zoona alipo. Koma mukawerenga ana a dziko lonse lapansi pamodzi kusiyana kumaoneka. Mu 2016 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wamkulu yemwe anapeza kuti pafupifupi ana onse akanamayamwitsidwa moyenera, imfa za ana osakwana zaka 5 zokwana 823,000 zikanapewedwa chaka chilichonse, komanso imfa 20,000 za azimayi zobwera ndi khansa ya m'mawere. Zambiri mwa imfa za anazo ndi za kutsegula m'mimba ndi chibayo. Koma pofika 2023 ana osakwana miyezi 6 oyamwa mwakathithi padziko lonse anali 48 pa 100 aliwonse, osakwana theka.

Ndipo kukayikira bere kuja sikuti kumangomera kokha, kuli anthu amapanga nako ndalama. Kalekale mu 1939 dokotala wa ana Cicely Williams anayankhula ku Singapore modzudzula otsatsa mkaka wa m'chitini ataona makanda akufa nawo, mawu ake anali okalipa moti anayerekeza mchitidwewo ndi kupha. Mu 1977 anthu ku United States anayamba kunyanyala katundu wa Nestlé, kampani yopanga mkaka wa m'chitini, pa nkhani yomweyi ndipo kunyanyalako kunafalikira maiko ena, mpaka mu 1981 msonkhano waukulu wa WHO unavomereza malamulo oyendetsera katsatsidwe ka mkaka wolowa m'malo mwa bere, maiko 118 anavomera, dziko limodzi lokha la United States linakana. Malamulowo amati osatsatsa mkaka umenewu kwa anthu wamba, osagawa waulere kwa azimayi, osapereka mphatso kwa ogwira ntchito zachipatala. Lero otsatsawo anangosamukira pafoni. Mu 2022 WHO ndi UNICEF anafunsa makolo ndi amayi oyembekezera 8,500 m'maiko 8 ndipo oposa theka anati uthenga wotsatsa mkakawu unawafika. Samakuuza kuti bere ndi loipa ayi, ndi ochenjera, amangoti mwana akamalira usiku, akamabwezabweza, akamavuta kugona, mwina akufuna chakuti. Zinthu zoti khanda lililonse limachita amazisandutsa matenda oti mankhwala ake ali m'chitini. Mayi wotopa akuwerenga zimenezo pa Facebook pakati pausiku, kukacha azakhali n'kufunsanso ngati mwana akukhuta, mukuganiza kuti zitha bwanji?

Mbali inayo nakonso anthu sanagone. Mu 1956 azimayi 7 ku Illinois ku United States anayamba kukumana m'nyumba kumathandizana kuyamwitsa pa nthawi yomwe botolo linali litatenga malo kwawoko, gulu lawo la La Leche League lilipobe mpaka pano m'maiko ambiri. Mu 1991 WHO ndi UNICEF anayambitsa ndondomeko yoti zipatala zochiritsira zizitsata mfundo 10, monga mayi ndi mwana kugona chipinda chimodzi usana ndi usiku komanso kusapatsa khanda chinthu china popanda chifukwa cha chipatala. Palinso sabata yokumbukira kuyamwitsa pa 1 mpaka 7 Ogasiti chaka chilichonse, ngakhale ine masabata okumbukirawa ndimawaona ngati amathera pa malaya osindikiza ndi zoyankhula. Za azimayi 7 aja nde zimandigwira mtima chifukwa sanadikire ofesi iliyonse, ndipo mpaka lero chomwe chimagwira ntchito kwambiri ndi chomwecho, mayi mnzako amene anadutsamo woti utha kumuimbira usiku osachita manyazi.

Kubwerera kuntchito nde phiri lina. Pangano la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO la chaka cha 2000, nambala 183, limati tchuthi cha uchembere chisachepere masabata 14 ndipo mayi akabwerera azipatsidwa nthawi yoyamwitsa kapena kufinya mkaka osamudula malipiro. Werengani nokha, masabata 14 ndi miyezi itatu n'kakang'ono, pomwe tikumuuza kuti ayamwitse mwakathithi miyezi 6, ndipo maiko ambiri sanalisaine n'komwe panganolo, osanenanso za mayi wa geni kapena waganyu amene tsiku lomwe sanagwire ntchito ndi tsiku lopanda ndalama. Apa mabwana ndi anzathu apantchito muli ndi mbali. Kachipinda kotsekeka kaukhondo ndi mphindi zochepa kangapo patsiku sizingagwetse kampani. Koma chimbudzi si malo ofinyira chakudya cha mwana, musamulozere kumeneko.

Kufinya sikufuna pampu yodula, manja amakwana. Asambe m'manja, akhale momasuka, asisite bere pang'ono, aike chala chachikulu pamwamba ndi cholozera pansi cha m'mphepete mwa mbali yakuda ija, akankhire mkati cha kuchifuwa kenako afinye n'kusiya, afinye n'kusiya, akuzungulira bere lonse, osakoka nkhumbu. Poyamba zimatuluka timadontho tokhumudwitsa, asataye mtima, aziyamba kuyeserera masabata angapo tsiku lobwerera kuntchito lisanafike. Mkaka wofinya mu kapu yoyera yovundikira umakhala maola 4 pamalo ozizira bwino m'nyumba, mufiliji masiku 4. Ukakhalitsa umapatukana mafuta kuyandama pamwamba, sunawonongeke, ingougwedezani pang'ono. Powutenthetsa ikani kapuyo m'madzi ofunda osati pamoto. Wosiyiridwa mwanayo atha kumumwetsa ndi kakapu kakang'ono, mwana atakhala tsonga, mkaka ungokhudza mlomo iye azipsontha yekha, osamuthira mkamwa. Kapu savuta kutsuka kusiyana ndi botolo.

Bere likatupa n'kulimba, kufiira mbali imodzi, mayi n'kumamva kuzizidwa ndi kuphwanya thupi, anthu amathamangira kunena kuti mkaka wawola asiye. Ayi, apitirize kuyamwitsa bere lomwelo, mkakawo suvulaza mwana, kusiya mwadzidzidzi nkumene kumakulitsa vuto mpaka chithupsa. Apume, aike nsalu yozizira, asalikande mwamphamvu, ndipo pakatha tsiku osasintha kapena thupi latentha kwambiri apite kuchipatala. Mayi amene ali ndi HIV nayenso asauzidwe zam'maluwa ndi anthu apakhomo. Malangizo a WHO a 2016 amati m'maiko mmene boma limalimbikitsa kuyamwitsa, mayi amene akumwa ma ARV mokhulupirika ayamwitse mwakathithi miyezi 6, apitirize mpaka chaka ndipo atha kufika zaka 2 kapena kuposa. Maiko ena amalangiza mosiyana, nde atsatire zomwe achipatala chake amuuza, ife mbali yathu ndi kumukumbutsa mankhwala ndi kusunga pakamwa. Za kulera nazo muzimuuza zoona zake, kuyamwitsa kumateteza mayi kuti asatenge mimba ina pokhapokha zinthu zitatu zikhalepo nthawi imodzi, mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, komanso mayi sanayambirenso kusamba. Chimodzi chikangosowa apeze njira ina.

Tiziyang'ananso mayiyo osati bere lokha. Kulira popanda chifukwa masiku oyamba zimachitikira ambiri ndipo zimatha zokha, koma pakadutsa masabata awiri akadali wokhumudwa, sakugona olo mwana atagona, sakufuna kudya, akunena kuti ndine mayi wolephera kapena akuganiza zodzipweteka, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. Musamuuze kuti ayamike Mulungu poti ena akufuna ana sakuwapeza, muperekezeni kuchipatala.

Ndipo alipo amene ayesetsa zonse koma sizikutheka, ena thupi lawo silipangadi mkaka wokwanira chifukwa cha matenda kapena opareshoni ya bere, ena ali pa mankhwala oti sangayamwitse nawo monga ena a khansa, ena mwana wawo ali ndi vuto lobadwa nalo. Ndi ochepa koma alipo, ndipo ine zoti tiziwayang'ana ndi diso loti ndi aulesi ndimadana nazo kwambiri, mayi wotere amakhala walira kale kokwanira. Muthandizeni kupanga mkaka wa m'chitiniwo molondola. Ufa uja sukhala wopanda tizilombo ngakhale chitini chili chotseka, nde madzi awire kaye ndipo asazizire kupitirira madigiri 70 posakaniza, kenako muziziritse musanamwetse, muyezo utsatidwe ndendende osachepetsa ufa kuti chitini chikhalitse, ndipo wotsala mwana akamaliza kumwa utayidwe.

Koma amene anasiya chifukwa chouzidwa kuti mkaka ndi wochepa ndipo mtima ukumupwetekabe, muuzeni kuti mkaka umatha kubwereranso olo patadutsa masabata. Zimafuna kuika mwana pabere kambirimbiri usana ndi usiku, kumugoneka pachifuwa khungu ndi khungu, kufinya pakati pa nthawi zoyamwitsa, mkaka winawo kumaupereka ndi kapu m'malo mwa botolo n'kumauchepetsa pang'onopang'ono achipatala akuyang'anira sikelo ya mwana. Mwana akakhala wamng'ono zimafulumira, kwa ena zimatenga masabata angapo ndipo ena amafika pongophatikiza bere ndi mkaka winawo, zomwe zilinso bwino. Pa masabata amenewo mayiyo sangakwanitse ntchito ina iliyonse ya pakhomo, nde asanayambe mukhale pansi mugawane kuti aphika ndani, achapa ndani, ana enawo awaperekeza ndani kusukulu.